Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana athu akufunika mapu osonyeza kusintha kwa malire a ufumu wa Aroma

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemberani monga mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo pempho langa ndi lakuti unduna wanu ukonze mndandanda wa mapu osonyeza mmene dziko lolamulidwa ndi Aroma linakulira ndi kuchepera, kuyambira pamene Roma unali mudzi wa m'mbali mwa mtsinje wa Tiber kufikira kugwa kwa Constantinople, likulu la Aroma la kum'mawa lomwe lero ndi Istanbul, m'chaka cha 1453, ndipo mapuwo afike m'masukulu athu a sekondale. Ana athu amakumana ndi Aroma m'phunziro la mbiri, m'phunziro la Baibulo ndiponso kutchalitchi, koma ambiri amangodziwa mapu amodzi, aja opakidwa utoto umodzi kuzungulira nyanja ya Mediterranean, ngati kuti ufumuwo unayamba uli choncho mpaka kutha kwake.

Mapu ofala amenewo kawirikawiri amasonyeza chaka cha 117 AD, pamene mfumu Trajan inamwalira ufumu utafika pachimake, pafupifupi masikweya kilomita 5 miliyoni, komwe ndi kukula kwa dziko la Malawi kuwirikiza maulendo oposa 40. Komatu malire amenewo sanakhalitse. Hadrian atangolowa ufumu m'chaka chomwecho anachotsa asilikali ku Mesopotamia ndi ku Armenia, poona kuti kusunga maderawo kukanadya chuma ndi asilikali ochuluka kuposa phindu lake. Choncho mwana amaloweza malire amene anakhalapo kwa kanthawi kochepa kwambiri, n'kumayesa kuti wadziwa mbiri ya zaka zoposa 2,000.

Mapu oyamba a mndandandawu ayenera kukhala pafupifupi opanda utoto, chifukwa m'chaka cha 396 BC Aroma anali atangogonjetsa kumene Veii, mzinda womwe unali pamtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera kwawo. Pofika 264 BC anali atagwira mbali yaikulu ya Italy, ndipo nkhondo zawo ndi Carthage, mzinda wa mu Africa m'dziko lomwe lero ndi Tunisia, ndizo zinawaolotsa nyanja: anatenga Sicily mu 241 BC, kenako gombe la Spain, mpaka mu 146 BC anawononga Carthage ndi Corinth m'chaka chimodzi. Sikuti dera lililonse analilanda ndi lupanga ayi, pakuti mu 133 BC mfumu Attalus III ya Pergamon inamwalira itasiyira Aroma ufumu wake wonse m'kalata ya chuma chamasiye. Egypt analowa mu 30 BC Cleopatra atamwalira, ndipo kuyambira pamenepo tirigu wa m'chigwa cha Nile ndiye ankadyetsa khamu la anthu a mumzinda wa Roma.

Chimene ndikuchiumirira kwambiri, a Nduna, n'chakuti mapuwa asiyanitse madera olamulidwa mwachindunji ndi kazembe wachiroma ndi madera amene Aroma anawasiya m'manja mwa mafumu owagonjera. Aliyense wowerenga mutu 23 wa Uthenga Wabwino wa Luka amapeza kuti Pontius Pilate, atamva kuti Yesu ndi wa ku Galilee, anamutumiza kwa Herod Antipas, ndipo ophunzira amafunsa chifukwa chake woweruza anapereka mlandu kwa munthu wina. Yankho lili m'malire. Judea anali pansi pa kazembe wachiroma kuyambira 6 AD, mfumu ya Aroma Augustus itachotsa pampando Archelaus, m'bale wake wa Antipas, pomwe Galilee anali m'manja mwa Antipas mpaka 39 AD. Mapu opaka zigawo ziwirizi utoto wofanana amabisa nkhani yonseyo, koma ozipaka mosiyana amaifotokoza mphunzitsi asanatsegule pakamwa.

Ndikupemphanso kuti malire a kumwera apatsidwe malo okwanira, chifukwa mabuku ambiri amachulukitsa za khoma la Hadrian, lomwe anayamba kulimanga ku Britain mu 122 AD, ndi za magulu atatu a asilikali omwe anathera m'nkhalango ya Teutoburg ku Germany mu 9 AD, koma za mtsinje wa Nile amangodutsapo. Augustus atatenga Egypt, asilikali a ufumu wa Kush, womwe likulu lake linali Meroe m'dziko la Sudan, anaukira dera la Aswan m'masiku a mfumukazi Amanirenas ndi kutenga zifaniziro za mfumu ya Aroma. Kazembe Petronius anabwezera mpaka kukawononga Napata, mzinda wa ku Kush, koma sanakhazikike, ndipo cha m'ma 21 BC mbali ziwirizi zinapangana mtendere pachilumba cha Samos, Kush n'kukhalabe paufulu wake. Mu 1910 ofukula zakale anapeza ku Meroe mutu wa mkuwa wa chifaniziro cha Augustus, maso ake a galasi ndi mwala akadali m'malo mwake, utakwiriridwa pansi pa masitepe a kachisi, pamalo pomwe olowa ankaponda, ndipo lero mutuwo uli ku British Museum mumzinda wa London. Patapita zaka zoposa 300 chipanganirane mtendere uja, mu 298 AD, mfumu Diocletian inabweza malirewo kufika ku Philae, pafupi ndi Aswan. Mwana wa ku Africa ali ndi ufulu woona pamapu malo amene Aroma anaimitsidwa ndi ufumu wa mu Africa, ndiponso wodziwa kuti Septimius Severus, yemwe analamulira kuyambira 193 mpaka 211 AD, anabadwira ku Leptis Magna m'dziko la Libya.

Pakufunikanso mapu a chaka cha 270 AD, omwe amadabwitsa aliyense wowaona koyamba. Mfumu Valerian itagwidwa ukapolo ndi Shapur wa ku Persia mu 260, ufumu unasweka patatu: Gaul (dera lomwe lero kuli France) ndi Britain anali ndi mafumu awoawo, mfumukazi Zenobia ya ku Palmyra inagwira Syria ndi Egypt, ndipo Roma anatsala ndi pakati pokha. Aurelian anaulumikizanso pofika 274, ngakhale anataya Dacia, dziko la tsidya lija la mtsinje wa Danube lomwe Trajan analilanda mu 106.

Cholakwika chachikulu chomwe mapu amodzi amabala ndi chikhulupiriro chakuti zonse zinatha mu 476, pamene mkulu wa asilikali Odoacer anachotsa mfumu Romulus Augustulus pampando. Panthawiyo ufumuwo unali utagawika pawiri, choncho chomwe chinatha m'chakacho ndi ufumu wa kumadzulo wokha, ndipo nawonso unali utaguluka kale pang'onopang'ono: Britain anatayika cha m'ma 410, a Vandal, mtundu wa anthu ochokera ku Ulaya, anaolokera ku Africa mu 429, Augustine woyera anamwalira mu 430 mzinda wake wa Hippo utazingidwa, ndipo Carthage anagwa mu 439. Kum'mawa, ku Constantinople, anthu anapitiriza kudzitcha Aroma, mpaka mfumu Justinian inatuma mkulu wa asilikali Belisarius kukalandanso Carthage mu 533. Aluya ndiwo anadzasintha mapu kotheratu, potenga Syria itatha nkhondo ya ku Yarmouk mu 636, Egypt pofika 642 ndi Carthage mu 698. Tikawerengera bwino, ulamuliro wa Aroma ku Tunisia unatenga zaka zoposa 700, pomwe ku Britain sunakwane zaka 400, ndipo ine ndimaona kuti mfundo imeneyi payokha ndi yokwanira kusintha mmene timaphunzitsira mutuwu. Mapu otsiriza asonyeze kadera kakang'ono kozungulira Constantinople ndi mbali ina ya kumwera kwa Greece, asilikali a Mehmed II, mfumu ya anthu a ku Turkey, asanalowe mumzindawo pa 29 May 1453.

Ntchitoyi si yodula. Mapu 12 akhoza kukwanira, malinga onse ajambulidwe pamuyeso umodzi ndiponso pamaziko ofanana a nyanja, mitsinje ndi mapiri, kuti wophunzira akawaika pamodzi aone yekha pomwe pakula ndi pomwe pachepa. Popeza masukulu ambiri amadalira fotokope, zigawo zisiyanitsidwe ndi timizere ndi timadontho m'malo mwa utoto wokha, ndipo malire a m'chipululu cha Sahara ndi cha Arabia alembedwe ndi mzere woduladula, chifukwa kumeneko kunali misasa ya asilikali ndi misewu yotalikirana, osati mpanda wopitirira. Pansi pa mapu aliwonse pakhale ziganizo zochepa m'Chichewa ndi m'Chingerezi zonena chomwe chasintha ndi chifukwa chake.

Ndikupempha kuti muuze a Malawi Institute of Education ku Domasi atsogolere ntchitoyi mogwirizana ndi akatswiri a mbiri a ku University of Malawi ku Zomba ndi aphunzitsi omwe ali m'makalasi, ndiponso kuti mapuwo akatha asindikizidwe ngati zopachika pakhoma ndi kuikidwa pa intaneti mwaulere, kuti mphunzitsi wa kumudzi athe kuwatsitsira pafoni yake.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wa mbiri yakale