Nyumba, utsi ndi chitetezo ndi ntchito ya khonsolo

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndinenepo za makhonsolo. Ndinagwira ntchito ya unamwino kwa zaka zambiri m'chipinda cha odwala chifuwa ndi mapapo, ndipo zomwe ndinaona kumeneko zimandichititsa kudandaula ndikamamva akuluakulu akukamba za nyumba zotsika mtengo pamsonkhano umodzi, za moto wolusa pamsonkhano wina, za chitetezo cha anthu pa wina, ngati kuti ndi nkhani zitatu zosiyana. Kwa munthu wosauka zonsezi zimamufikira pamodzi, ndipo zambiri mwa izo zimagamulidwa ndi makhansala omwe iye mwini anawasankha.

Ndiyambe ndi utsi, popeza ndi umene ndimaudziwa bwino. Choopsa kwambiri mu utsi wa moto wa m'nkhalango ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe akatswiri amatitcha PM2.5, tochepa pafupifupi maulendo 30 poyerekeza ndi kukula kwa tsitsi limodzi. Mphuno siitha kutisefa. Timatsika mpaka pansi pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Ndiye mwana wa mphumu amayamba kubanika usiku, agogo odwala mtima amafooka, mayi woyembekezera amapuma movutikira. Bungwe la World Health Organization mu 2021 linanena kuti pa tsiku lathunthu tinthuti tisapitirire mamaikulogiramu 15 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Utsi wa moto wolusa ukadzaza mumzinda, mlingowu umapyoledwa kambirimbiri. Utsiwo suona malire. M'mwezi wa June 2023, moto unkayaka m'nkhalango za Quebec ku Canada, koma anthu a ku New York, makilomita mazanamazana kutali, anaona thambo litafiira masana enieni.

Zikatero a zaumoyo amalengeza kuti aliyense akhale m'nyumba, atseke zitseko ndi mawindo. Langizoli ndi labwino, ndipo ine ndemwe ndinaliperekapo kwa odwala ambiri. Koma limathandiza yekhayo amene nyumba yake imatsekeka. Mayi wina wachikulire amene tinkamugoneka kawirikawiri chifukwa cha chifuwa anandiyankha tsiku lina kuti, "Mwana wanga, windo langa lilibe galasi, nditseke chiyani?" Ankachita lendi chipinda chimodzi cha ming'alu, denga lake losiya mpata pamwamba pa khoma. Tinkamupatsa mankhwala, amapezako bwino, n'kubwerera kukapuma mpweya womwe uja. Wolemera amagula makina osefa mpweya, kapena kunyamuka n'kupita kwina mpaka utsi utatha. Wochita lendi m'chisakasa, wogona pakhonde la sitolo, ndi wogwira ntchito panja tsiku lonse amaupuma wonse.

Tsono funso n'lakuti, anthu amafika bwanji m'nyumba zoterozo, komanso m'malo omwe moto umafikako msanga? Apa m'pamene dzanja la khonsolo limaoneka. Khonsolo ndi imene imagawa malo, kuvomereza mapulani, kunena kuti pano pamangidwe nyumba zosanjikizana kapena ayi, ndi kutumiza oyendera nyumba za lendi. Ikaumira pa malamulo oti pakati pa mzinda pamangidwe nyumba zikuluzikulu za banja limodzi zokhazokha, lendi imakwera, ndipo anthu opeza zochepa amakankhidwira kunja, m'mphepete mwa nkhalango ndi m'mapiri momwe malo ndi otchipa.

Tawuni ya Paradise ku California ndi chitsanzo chowawa. Munali anthu pafupifupi 26,000, ambiri mwa iwo okalamba opuma ntchito omwe sakanakwanitsa mitengo ya m'mizinda ikuluikulu ya chigawocho. Pa 8 November 2018 moto womwe unatchedwa Camp Fire, umene unayamba chifukwa cha nthambo za magetsi, unasesa tawuniyo. Anthu 85 anafa, ochuluka a iwo achikulire, ndipo nyumba ndi zomanga zina zoposa 18,000 zinapsa. Misewu yotulukira inali yochepa, magalimoto anathinana, ena anapsera m'galimoto zawo. Opulumuka anakhamukira mumzinda woyandikana nawo wa Chico, komwe nyumba zinali zosowa kale, ndipo ena anagona m'mahema pamalo oimika magalimoto. Motowo unapeza anthu omwe kusowa kwa nyumba kunawaika panjira yake, kenaka unawonjezera kusowa komweko.

Ku Lahaina, pachilumba cha Maui ku Hawaii, mu August 2023 moto wolusa unapha anthu pafupifupi 100. Malipenga ochenjeza anthu, omwe analipo kale pachilumbapo, sanalizidwe tsikulo, ndipo mkulu wa ofesi yoona za ngozi m'bomalo anatula pansi udindo patangopita masiku ochepa. Mabanja ambiri anakhala m'mahotela miyezi yambiri pamene nyumba zambiri pachilumbapo zinali zobwereketsa kwa alendo odzaona malo. Mu 2024 meya wa Maui, Richard Bissen, anapereka ganizo loti nyumba zambiri zotere zibwerere kwa anthu okhala konko. Ndimamuyamikira pa ganizolo, koma mtima umandipweteka kuti panafunika maliro ochuluka chotere kuti nkhani ya nyumba imveke.

Ndikudziwa zomwe makhansala amayankha: ndalama n'zochepa, kusintha kwa nyengo sikuli m'manja mwathu, nkhalango ndi za boma lalikulu. Mbali ina n'zoona. Palibe khonsolo yomwe ingagwetse mvula kapena kutembenuza mphepo. Koma zambiri zomwe zimapulumutsa moyo n'zazing'ono ndithu, ndipo zili patebulo pawo. Mu 2019 mzinda wa Seattle unaika makina osefa mpweya m'nyumba zingapo za anthu onse kuti utsi ukachuluka aliyense athe kukapumirako kwaulere. Holo ya khonsolo, laibulale, sukulu, zonsezi zilipo kale m'mizinda yambiri. Chofunika ndi zosefera mpweya, munthu wosunga makiyi, ndi chilolezo choti zitseko zikhale zotsegula ngakhale usiku, popeza mphumu imavuta kwambiri usiku. Masiki a N95, omwe amasefa tinthu ta mu utsi tija, akhoza kugulidwa nyengo ya moto isanafike n'kuperekedwa kwa osesa m'misewu, otola zinyalala ndi ogulitsa malonda panja. Masiki a nsalu sagwira tinthu tija, ndipo anthu ayenera kuuzidwa zimenezi mosabisa, m'chilankhulo chomwe amamva.

Pa kamangidwe, akatswiri a moto amanena kuti nyumba zambiri zimayatsidwa ndi mbaliwali zouluka ndi mphepo, zomwe zimagwera pa masamba ouma padenga kapena kulowa m'mabowo opitira mpweya. N'chifukwa chake ku California kuyambira 2008 nyumba zatsopano m'madera oopsa zimayenera kukhala ndi denga losagwira moto msanga ndi mabowo otchingidwa ndi sefa wachitsulo, ndipo eni nyumba amalamulidwa kulambula tchire mozungulira nyumba mpaka mamita pafupifupi 30. Lamulo lotere limagwira ntchito pokhapokha khonsolo ikatumiza oyendera, komanso ikathandiza agogo omwe alibe mphamvu kapena ndalama zolambulira. Kungowalipiritsa chindapusa n'kuwathamangitsa pakhomo pawo.

Nkhani yaikulu ikadali yomanga. Ena amati kumanga nyumba si ntchito ya khonsolo. Mzinda wa Vienna ku Austria unayamba kumanga nyumba zake m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero uli ndi nyumba za lendi pafupifupi 220,000, momwe mumakhala aphunzitsi, oyendetsa mabasi ndi opuma ntchito, mkati mwa mzinda, pafupi ndi chipatala ndi ozimitsa moto. Si mzinda uliwonse ungafike pamenepo, koma uliwonse uli ndi malo ake ongokhala, ndipo ungathe kusankha kuwapereka kuti pamangidwe nyumba zoti anthu wamba azikwanitsa m'malo mowagulitsa kwa wopereka ndalama zambiri. Kungokhala mwini nyumba sikokwanira ayi. Nsanja ya Grenfell ku London, momwe moto unapha anthu 72 mu 2017, inali ya khonsolo, ndipo okhalamo anali atadandaula kale za chitetezo chawo. Nyumba ya Usindiso ku Johannesburg, momwe moto unapha anthu 76 mu August 2023, inali ya mzindawo, itasiyidwa osayang'aniridwa. Anthu ankagona m'menemo chifukwa kunalibe kwina komwe akanakwanitsa.

Pempho langa likupita kwa owerenga anzanga. Misonkhano yomwe makhonsolo amakambirana bajeti ndi mapulani a malo nthawi zambiri imakhala yololedwa kwa aliyense, koma mipando ya anthu wamba imakhala yopanda anthu, kupatula ofuna mapoloti. Pitaniko. Funsani khansala wanu kuti dera lanu lili ndi misewu ingati yothawira, ndani ali ndi udindo wochenjeza anthu usiku ndipo adzachita bwanji ngati mafoni ndi magetsi zazima, ndani adzanyamule olumala ndi okalamba opanda galimoto, ndi nyumba iti idzatsegulidwe utsi ukachuluka, komanso malo a khonsolo omwe angokhala adzapatsidwa kwa yani. Pemphani kuti mayankho alembedwe m'buku la msonkhano, ndipo nyuzipepala ino iwasindikize nyengo yotentha isanafike.

Ine wanu,
Namwino wopuma ntchito