Kalata kwa makasitomala athu: zikombole sizigonanso panja

Okondedwa makasitomala athu, amayi ndi abambo, ndi inu amisiri nonse,

Landirani moni kuchokera kumalo athu oumbira mabuloko kuno ku Dedza boma. Takulemberani kuti nkhaniyi muimve kwa eni ake musanaimvere m'minibasi. Kuyambira pa 1 Novembala zikombole zathu zonse zizisungidwa m'chipinda chakechake, ndipo kabwerekedwe kake kasintha. Zimenezi zikhudza inu amene mumagula mabuloko, mapeva (timabuloko toyala pansi pabwalo) ndi masilabu a zimbudzi, koma zikhudza kwambiri amisiri amene mumabwereka chikombole kukaumbira kumalo kwanu.

Chomwe chatidzutsa ndi ichi. Mu Ogasiti kunabwera bambo ena a ku Bembeke amene akumanga nyumba yosungiramo kachewere. Anamangirira mabuloko awiri kumbuyo kwa njinga yamoto, onse ochokera pamulu umodzi umene tinawagulitsa. Atawatsitsa anapempha tepi. Limodzi linali bwinobwino. Linzake linali lotupa pamimba ndi mamilimita 4, ngodya imodzi itadyeka ngati yalumidwa ndi khoswe. Bambowo sanalalate. Anangonena kuti mmisiri wawo akudandaula kuti khoma likukana chingwe ndipo simenti ikutha msanga. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo tikuwathokoza kuti anabwera kwa ife m'malo mongosamukira kwina mwakachetechete. Titapita kuseri kwa shedi tinachipeza chikombolecho chili gone padothi, m'ngodya muli simenti youma, mbali imodzi itapindika ndi hamala. Sitingaloze chala anyamata athu. Sitinawapatse malo osungira, ndiponso sitinawapatse nthawi yotsukira. Kulakwa kunali kwathu eni.

Chiyambire 2018, pamene boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, ofuna mabuloko a simenti achuluka. Ifenso tinagula zikombole zambiri, zachitsulo, zapulasitiki, zalabala, koma shedi inali yomweyo ya kale. Chilichonse chinkagona pomwe ntchito yathera.

Chikombole chachitsulo sichiwonongeka tsiku limodzi. Simenti ikatsalira m'ngodya n'kugonamo, kukacha imakhala italimba gwa. Wofuna kuichotsa amathamangira hamala. Hamala imachotsadi simentiyo, koma imasiya chitsulo chitapindika, ndipo powotcherera pamayamba ming'alu. Dzimbiri nalo likalowa limakumba timaenje mkati, buloko limayamba kukakamira, ndiye potulutsa mpaka kugwedeza, milomo yake n'kugumuka. Mamilimita 4 m'maso ndi kanthu kochepa. Koma mmisiri amayenera kuwabisa ndi matope pamzere uliwonse, kenako n'kumata pulasitala yokhuthala kuti khoma lioneke lowongoka. Thumba la makilogalamu 50 limatha lisanafike pomwe munawerengera, ndipo amene amalipira ndi inu. Ichi ndiye chatiwawa kwambiri, poti simenti masiku ano siyogula moseka.

Nyengo yathu nayo siyichitira chifundo chitsulo. Tawuni ino ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Ambirife timaganiza kuti dzimbiri ndi la m'dzinja mokha, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Koma lowani m'shedi m'mamawa wa mu Juni kapena Julayi nkhungu itatsika kuphiri, mupeza malata akudontha kunja kulibe mvula, chitsulo chili chinyezi ngati chasambitsidwa. Chikombole chomwe chinatsukidwa dzulo koma osapukutidwa chimadzuka chitafiira kale.

Zapulasitiki mdani wake ndi dzuwa. Zikakhalitsa pamtetete zimauma n'kuyamba kuthetheka m'mbali, ndipo zija zimapita ku Golomoti ndi ku Mtakataka, kotentha kuja, ndizo zimabwerako zitatha msanga. Zalabala zimafufuma zikamakhudzana ndi dizilo kapena oilo wa galimoto, maluwa a peva n'kutuluka osalongosoka. Pamenepa tiulule: zaka zonsezi takhala tikupaka oilo wakuda wotsitsa m'galimoto pa chikombole chilichonse, chifukwa ngwosavuta kupeza. Tasiya. Amadetsa mapeva, ndipo pamene wamamatira penti ndi pulasitala sizigwira bwino. Zamatabwa tatsala nazo zochepa, ndipo ziwiri chiswe chinatithandiza kale kuzitaya.

Chipinda chatsopanocho chatha kumangidwa. Tachiikira mazenera awiri oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndipo pansi pa malata tatchinga kuti mame asamadonthere katundu. Mashelefu ndi achitsulo, yapansi yatalikirana ndi simenti yapansi msinkhu wa buloko limodzi, chifukwa pansi pamatuluka chinyezi. Zolemera zikhala m'munsi, chilichonse pamalo pake, osasanjikiza. Chikombole cha makina chizikhala pamodzi ndi chotsindira chake, popeza ziwirizi zimadyeka mofanana, ndipo ukazisokoneza ndi zina buloko silitsindika bwino. Chilichonse tachilemba nambala ndi penti, ndipo m'kope muzilembedwa tsiku limene chayezedwa ndi tepi ndi sikweya, chida choyezera ngodya. Chopezeka chokhota chizipita kwa wowotcherera, chikakanika chizipuma ntchito.

Kuumba kuziima 4 koloko madzulo. Ola lotsalalo ndi la madzi, bulashi ya waya, chiguduli chopukutira ndi mafuta oyera opaka pang'ono chabe. Tikudziwa kuti ola limodzi patsiku ndi mabuloko angapo amene sadzaumbidwa. N'chifukwa chake tikukupemphani kuti muzitiuza kudakali masiku atatu tisanayambe kuumba oda yanu, makamaka ngati ikufuna kusintha chikombole pamakina. Ndipo musadzatikakamize kukweza mabuloko osakhwima. Buloko limafunika kuthiriridwa masiku 7, ndipo simenti imafika pamphamvu yake yoyenera pamasiku 28. Tikachepetsa oumbidwa patsiku, mayesero ogulitsa aawisi adzakhalapo, koma sitidzatero ngakhale lole itaima pageti. Mitengo ya mabuloko sinasinthe chifukwa cha nkhaniyi.

Tsopano inu achimwene athu amisiri. Tikudziwa kuti ambiri mwa inu munayamba ntchito ndi chikombole chobwereka kuno, ndipo kale munthu ankangobwera, kupereka moni, n'kuchinyamula paphewa. Sitikufuna kutseka khomo limenelo. Zikombole zamanja tizibwereketsabe, koma tiziyeza limodzi pochoka ndi pobwera, muzisaina m'kope ndi kusiya chikole chomwe muzilandira chonse mukabweza chikombole chotsuka, chouma, chopanda mabala a hamala. Masiku obwereka ndi 7. Ngati ntchito ili kutali, monga ku Mayani kapena ku Lobi, tiuzeni ponyamuka tigwirizane, kusiyana n'kuti tizikusakani. Kumene mukugwirako chizigona m'nyumba, pamwamba pa thabwa, osati pamulu wa mchenga. Simenti ikakakamira, inyowetseni n'kuipala ndi kachitsulo kopyapyala kapena bulashi. Zikombole za makina zokha sizidzatulukanso pageti. Izi ena zikuwawani, tikudziwa, koma chimodzi chikapindika ntchito ya anthu onse pano imaima.

Palinso ena amene munasiya zikombole zanu kwa ife, zamaluwa a pampanda ndi zoumbira zipilala za pakhonde. Zina zakhala zaka ziwiri, ndipo zingapo sitikukumbukanso mwini wake. Bwerani 1 Novembala isanakwane mudzazizindikire, tizilembe dzina lanu. Tizisunga m'chipindamo mwaulere kwa miyezi 6, ikatha tidzakambirana. Zomwe zawonongekera m'manja mwathu tizikonzetsa ndi ndalama zathu.

Amene munagula mabuloko a mainchi 6 mu Julayi ndi Ogasiti ndipo mwapezamo otupa kapena odyeka ngodya omwe simunamangire, bweretsani lisiti, tikusinthirani popanda kulipira kanthu. Bambo a ku Bembeke aja tinawasinthira kale.

Loweruka lililonse la mwezi wa Okutobala, kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko masana, chipindacho chikhala chotsegula kuti mudzachione. Amene muli ndi chikombole chanuchanu kunyumba mubwere nacho, tidzachiyeze ndi sikweya inu mukuona, ulere.

Ndife anu pantchito,

Mwini malo, m'malo mwa antchito onse
Dedza boma