Kumbani matope m'maiwe a suweji mvula isanagwe

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za maiwe a suweji a m'tauni yathu ino. Ndinagwirako ntchito mpaka kupuma, ndipo pano ndimalima dimba kumunsi kwake, choncho sindikunena zongomva.

Ambiri amayesa kuti kumaiweko kuli makina ndi mankhwala. Ayi ndithu. Zonyansa zikafika zimadutsa kaye pa zitsulo zomwe zimakola majumbo, nsanza ndi matewera. Kenako zimalowa m'dziwe loyamba, lakuya, momwe zolemera zimadikha pansi n'kumawola. Madzi amapitirira m'maiwe osaya, momwe dzuwa ndi ndere zimapha tizilombo toyambitsa matenda. Chachikulu n'choti madziwo akhalitse masabata angapo asanatulukire mumtsinje. Nthawi yathu dziwe lomaliza linkakhala lobiriwira, lopanda fungo, moti ndinkadyera nsima yanga yamasana pambali pake.

Lero dziwe loyamba ladzaza matope mpaka pameranso mabango, mbuzi zikuyendapo ngati pabwalo la mpira. Madzi alibe pokhala, ndiye anadzilambulira kanjira m'mbali ndipo akufika mumtsinje tsiku lomwelo, otuwa, athovu. Zitsulo zosefera zija zinapita ndi ogula zitsulo zakale, mpanda nawo chimodzimodzi. Galimoto zopopa zimbudzi zimangokhuthula paliponse pomwe dalaivala wakonda, zina usiku.

Mu Okutobala, mtsinje ukaphwa, madzi ambiri omwe amatifika ife a kumunsi ndi a m'paipi yochokera kumaiweko. Amayi amachapamo mayunifolomu a ana. Ine ndimathirira nawo mpiru ndi tomato, sindikubisa, chifukwa madzi ena kulibe. Mpiruwo umakula bwino zedi, masamba ngati makutu a njovu, ndipo Loweruka umakagulidwa pamsika ndi mabwana omwewo amene amati ndalama zokonzera maiwe palibe. Matemba omwe tinkagwira tili anyamata anatha, kwatsala milamba yokha. Namasupuni watseka pa dooko pomwe tinkawolokera kupita kuchigayo, popeza udzu umenewu umanenepa ndi madzi a manyowa otere. Mdzukulu wanga watsegula m'mimba kawiri chaka chino, ndipo mayi ake amukalipira kuti asamasambe kumtsinje. Nanga mwana wa zaka 7 mungamuletse madzi dzuwa likuswa mtengo?

Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthawi imeneyo anatigawira klorini n'kutiphunzitsa kusamba m'manja, zomwe n'zabwino, koma palibe anakwera kumtunda kukaona chomwe chikulowa mumtsinje. Pomwetu malamulo alipo: la za madzi la 2013 limafuna chilolezo munthu asanatayire madzi oipa mumtsinje, ndipo palinso la zachilengedwe la 2017. Kodi amangogwira ntchito pa mafakitale, makhonsolo ayi?

Sindikupempha makina ochokera kunja. Dziwe loyamba liphwetsedwe, matope aume padzuwa, akumbidwe. Ife tinkachita zimenezi ndi mafosholo, mawilibala ndi anyamata aganyu ovala magambutsi. Abwezeretse zitsulo zosefera, ayike mlonda pageti. Ndipo mwezi uliwonse atunge madzi a paipi yomaliza, akawayeze, zotsatira azimate pabolodi la pamsika kuti ogula mpiru wanga aziwerenga okha. Akafuna wowalozera pomwe pali mavavu okwiririka, ndimapezeka kudimba m'mawa uliwonse.

Mlimi wa dimba,
kumunsi kwa maiwe