Mukamakonza tchuthi cha mpira, sankhani mzinda osati timu

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhule ndi anzanga amene ayamba kale kuwerengetsera masiku a tchuthi kuti akaonere AFCON, mpikisano wa mpira wa mayiko a mu Africa, ya 2027 ku Kenya, Tanzania ndi Uganda. Mphwanga ndi mmodzi mwa iwo, ndipo sakundipatsa mpumulo pa foni. Akufuna kugula matikiti motsatira timu imene amaikonda, kuyambira m'magulu mpaka fainolo. Ine ndamuletsa, chifukwa zinandionekera.

Mu 2010 ndinapita ku World Cup ku South Africa pamodzi ndi mayi akunyumba. Ndimasapota England kuyambira kalekale, musandiseke. Nditaona kuti mu gulu C ili ndi USA, Algeria ndi Slovenia, ndinati apa palibe nkhani, itsogola basi. Wotsogola gulu limenelo amayenera kukasewera ku Rustenburg pa 26 June. Ndinagula matikiti awiri, ndinalipiriratu chipinda cha masiku atatu, ndinagulanso jezi yoyera yatsopano.

Pa 23 June, Landon Donovan wa USA anachinya Algeria masewero atatsala pang'ono kutha. USA inakhala pamwamba, England inatumizidwa ku Bloemfontein, kumene Germany inakaithibula 4-1. Ine ndi jezi yanga tinatsala ndi matikiti a USA ndi Ghana. Mwini nyumba yogona alendo anakanitsitsa kubweza ndalama, ndipo kunena zoona sanalakwe, ndinasaina ndekha. Tsiku lonse ndinangoti ndwii, mpaka mayi anati, "Bambo, tabwera kale. Tiyeni tikaonere Ghana, si anzathu omwe?"

Masewero anayamba 8:30 usiku pa bwalo la Royal Bafokeng. Ndinali nditaiwala kuti June kumeneko ndi chisanu chenicheni. Mayi anatenga bulangete, ine ndinanyada, ndipo pofika theka ndinali nditalowa m'bulangete lomwelo mano akugundana. Kevin-Prince Boateng wa Ghana anachinya mpira utangoyamba, Donovan anabweza pa penate, kenako mu nthawi yowonjezera Asamoah Gyan wa Ghana anathamanga pakati pa otchinga kumbuyo awiri n'kumenya ndi mwendo wamanzere. Ghana ndiyo yokha inatsala mwa matimu a mu Africa. Bambo wina amene sindinamufunse n'dzina lomwe anandikumbatira akulira, vuvuzela yake ikundigunda m'khutu. Mpira wonse umene ndaonerapo, usiku umenewo sindiuiwala, ndipo sindinausankhe ndine.

Nchifukwa chake ndikuti masewero odziwika bwino ndi a m'magulu okha. Kupyola apo, komwe timu yanu ipite sikudziwika mpaka wosewezetsa ataimba wezulo womaliza. Mpikisano wa mayiko atatu ndiye uvuta kwambiri. Lero timu ili ku Nairobi, masiku anayi akudzawo ili ku Kampala kapena ku Dar es Salaam, inu muli pa mzere wa pachipata cha dziko ndi chikwama, tchuthi chikutha. Khalani mzinda umodzi, muonere aliyense wobwera pa bwalo lake. Masiku opanda mpira mupite ndi banja kwina. Mkazi wanga amakumbukabe njovu za ku Pilanesberg, malo osungirako nyama pafupi ndi Rustenburg, kuposa chigoli cha Gyan, ndipo ndinasiya kutsutsana naye.

China, musathamangire kusainitsa fomu ya tchuthi kuntchito masiku asanatsimikizidwe ndiponso maere asanachitike. AFCON siichedwa kusuntha. Ya 2023 ku Côte d'Ivoire inaseweredwa mu January ndi February 2024 pothawa mvula. Ya 2015 inachoka ku Morocco kupita ku Equatorial Guinea chifukwa cha mantha a Ebola, ndipo ya 2019 inalandidwa ku Cameroon n'kupatsidwa Egypt. Amene analipiriratu ndege ndi malo ogona osafunsa ngati ndalama zimabwezedwa, ndikudziwa mmene mtima unawawira. Funsani zimenezo musanalipire. Pasipoti nayo muiyang'ane lero lomwe, ndipo opita ku Uganda asaiwale kufunsa ngati pakufunika khadi la katemera wa yellow fever.

Mphwanga wamva theka lokha. Wavomera kukhala mzinda umodzi, koma jezi wagula kale. Ndamuuza kuti bulangete ndimubwereka langa.

Ine wanu,
Wokonda mpira wachikulire