Lipoti la ku maphunziro: ndere za m'damu ndi kuyandama kwa makumba

A wapampando ndi mamembala nonse a kalabu yathu ya ulimi wa nsomba, ndabwerako ku maphunziro omwe munandituma. Zinakambidwa zambiri, koma mtima wanga unali pa funso lomwe munandisenzetsa lija, lakuti n'chifukwa chiyani makumba amayandama m'bandakucha, kukamwa kuli yasa, madzi akabiriwira kwambiri.

Mphunzitsi anadontheza madzi a m'damu pa kagalasi ka maikulosikopu. Nditasuzumira ndinaona timipira tobiriwira titamatirirana ngati mazira a chule. Anati zina mwa zomwe timangoti ndere ndi mabakiteriya otchedwa cyanobacteria, omwe amadzipangira chakudya ndi dzuwa monga chimachitira chimanga. Chinandizizwitsa n'chakuti amazindikira komwe kuwala kukuchokera. Mu 2016 Conrad Mullineaux wa ku London ndi Annegret Wilde wa ku Freiburg, pamodzi ndi anzawo, anapeza kuti thupi lonse la mtundu wina, Synechocystis, limagwira ntchito ngati diso. Kuwala kukalowa mbali ino kumakasonkhana kumbuyo kwake, kachiromboko n'kumakwawa kulowera komwe kuwalako kwachokera.

Mtundu wa cyanobacteria wovuta m'madamu ngati athuwa ndi Microcystis. Ali ndi timatumba ta mpweya. Usiku amapepuka n'kukwera, dzuwa likamuwomba amapanga shuga, n'kulemera, n'kumira pang'ono. Akachulukana, a pamwamba amatchingira anzawo dzuwa, ndiye onse amalimbirana pamwamba mpaka madzi amaoneka ngati wina wathiramo penti. Usiku onsewa amapuma okosijeni yemweyo amene nsomba zikudalira, ndipo akufa akamawola amamaliza wotsalayo; n'chifukwa chake makumba amayandama m'bandakucha kusaka mpweya. Ena mwa mabakiteriyawa amatulutsanso poizoni wowononga chiwindi. Mu 2020 boma la Botswana linalengeza kuti njovu zoposa 300 zinafa ndi poizoni wa cyanobacteria.

Apa zinandikhudza, chifukwa inenso ndakhala ndikukhuthulira zitosi za nkhuku m'damu osayeza, n'kumati kubiriwira ndiye chonde. Muyeso wake ndi mkono basi. Uviikeni m'madzi; chikhatho chikabisika madzi asanafike pachigongono, lekani manyowa, chepetsani madeya, lowetsani madzi atsopano. Mbuzi ndi ana zisamwe pomwe ndere zayala.

Ndikupempha kuti Loweruka tikumane pa damu la kalabu dzuwa lisanatuluke, tiyeze madziwo limodzi, kenaka tizungulire madamu a mamembala.