Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg: filimu ya ndalama yotumiza kumudzi

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Kuno ku Zomba tonse tadzuka bwino, ndipo mayi anu ndinakumana nawo Lamulungu potuluka m'tchalitchi, ali ndi mphamvu ndithu. Tsiku lija pa foni munandifunsa ngati ndikadasakabe mafilimu akale amene anthu ambiri sanawamvepo. Ndikusakabe, ndipo ndasankha kulemba kalata chifukwa zomwe ndili nazo sizingathe pa mayunitsi.

Pali filimu ya ku Senegal yotchedwa Mandabi, imene inatuluka mu 1968. Anaikonza ndi Ousmane Sembène, ndipo ndikufuna muionere inuyo makamaka, chifukwa nkhani yake yonse yagona pa ndalama imene munthu wogwira ntchito kunja watumiza kwawo.

Mwini nkhani ndi bambo wachikulire wa mumzinda wa Dakar, Ibrahima Dieng, Msilamu wopemphera, wa akazi awiri ndi ana asanu ndi awiri, koma wopanda ntchito. Tsiku lina wogawa makalata akubweretsa uthenga woti mphwake Abdou, amene akusesa misewu ku Paris, watumiza ndalama zokwana 25,000 CFA (ndalama ya ku Senegal) kudzera ku positi ofesi. Mnyamatayo walemba momveka bwino mmene ndalamayo igawidwire: 20,000 amusungire mpaka adzabwere, 3,000 apatse mayi ake, ndipo 2,000 zokha ndizo za amalume. Koma kalatayo isanawerengedwe n'komwe, akazi a Dieng apita kale kugolosale kukatenga mpunga pa ngongole, banja ladya n'kukhuta, ndipo mbiri yafala m'dera lonse kuti kwa Dieng kwagwa chuma. Anansi akuyamba kufika mmodzimmodzi, wina akupempha mpunga pang'ono, wina ngongole. Akuluakulu ananena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo ndalama ya Dieng inali isanafike ngakhale pachala.

Mavuto enieni akuyambira pa positi ofesi. Kuti alandire ndalamayo akufunika chiphaso. Kupolisi akumuuza kuti chiphaso sichingatuluke popanda zithunzi ndi kalata yosonyeza tsiku lobadwa. Ku ofesi yolembetsa obadwa akumufunsa mwezi ndi tsiku, pomwe iye amangodziwa kuti anabadwa cha m'ma 1900. Pamenepa ndinakumbukira kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, pomwe agogo athu ambiri ankawerengera zaka zawo kuchokera pa njala ya mu 1949, chifukwa palibe amene anawalembera tsiku lawo. Dieng ndi munthu wodziwika ndi wolemekezeka kwawo, aliyense amamupatsa moni, koma pamaso pa kalaliki ali ngati munthu amene sanabadwe. Ulendo uliwonse wopita m'tauni ukumudyera ndalama ya basi, ya chiphuphu, ya wojambula zithunzi amene akumubera masanasana, ndipo zonsezo ndi zokongola. Mkazi wake wamng'ono akufika popinyolitsa zodzikongoletsera zake. Pamapeto pake akukhulupirira Mbaye, munthu wophunzira wovala suti amene amadziwa njira za m'maofesi, n'kumusainira kalata yoti akatenge ndalamayo m'malo mwake. Mbaye akukatengadi, kenako akubwera ndi nkhani yoti akuba amupisa m'thumba.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti Sembène sanamupange Dieng kukhala woyera mtima wongomveredwa chisoni. Filimu ikuyamba iye akumetedwa pamsewu, wometa akumuyeretsa mpaka m'mphuno. Akafika kunyumba akudya yekha mbale yodzaza, akugeya, akugona, akazi akumutumikira. Amakonda mkanjo wake waukulu wowala, ndipo akamayenda amaukonzakonza kuti anthu amuone. Amagawa zinthu zomwe alibe chifukwa choopa kutchedwa woumira. Makhouredia Gueye, amene anasewera mbali imeneyi, amakuseketsa ndi kayendedwe kokha, koma pofika pakati pa filimu kuseka kuja kumatha wekha osadziwa kuti kwatha liti. Ndipo anzeru m'nyumbamo ndi akazi aja. Dieng atamenyedwa pa mkangano wa zithunzi n'kubwera kunyumba ali magazi, mkazi wamkulu akulengeza kuti achifwamba amulanda ndalama yonse, kuti opempha ndi angongole ayambe apuma. Bodza limenelo ndi limene likuteteza banja kwa masiku angapo, pomwe chilungamo cha mwamuna wake chakhala chikungowonjezera ngongole.

Pali malo amodzi amene ndinakuganizirani kwambiri. Pamene kalata ya Abdou ikuwerengedwa, kamera ikutichotsa ku Dakar n'kutionetsa mnyamatayo ali ndi tsache m'misewu ya Paris, ali yekhayekha, mawu ake akufotokoza kuti anapita kukafuna ntchito ndi kuti akusunga ndalama kuti adzakwatire ndi kuthandiza abale. Ndi kanthawi kochepa chabe, ndipo sitikumuonanso. Onse amene akulimbirana ndalamayo palibe ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti mwanayo amagona pati kapena amadya chiyani. Achimwene, ife otsala kuno timachita zomwezo. Uthenga ukalowa pa foni kuti ndalama yafika kuchokera ku South Africa, timawerengera matumba a feteleza ndi fizi ya ana, koma za maola amene mwaima pa ntchito, za lendi ya kachipinda, za mantha a mapepala ndi a ziwawa zothamangitsa alendo, sitifunsa kawirikawiri. Filimu ya zaka zoposa 50 zapitazo, ya dziko limene sindinapondeko, ndi imene yandikumbutsa kuti ndikufunseni.

Sindinena kuti ilibe chilema. Kumapeto kwake wogawa makalata uja akulankhula mawu olimbikitsa Dieng kuti anthu wamba ndi amene adzasinthe zinthu, ndipo kwa ine pamenepo Sembène analowa muulaliki. Zithunzi zinali zitanena kale zonse, mawuwo sanawonjezere kanthu. Komabe ndikumvetsa chomwe anachitira zimenezo. Munthuyu anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, anagwirapo ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille ku France, analowa m'mabungwe a anthu apantchito, ndipo anayamba ndi kulemba mabuku m'Chifalansa. Ataona kuti anthu amene ankawalembera ambiri sadziwa kuwerenga, anapita ku Moscow kukaphunzira zojambula mafilimu ali ndi zaka pafupifupi 40. Kwa iye filimu inali sukulu ya anthu osapita kusukulu, choncho sankachita manyazi kuphunzitsa. Mandabi anaitenga pa kabuku kake komwe, koma anaijambula m'Chiwolofu, chilankhulo cha anthu a m'misika ya Dakar, pa nthawi imene Senegal inali itangotha zaka zisanu ndi zitatu ikudzilamulira ndipo zonse za boma zinkayenda m'Chifalansa. Chaka chomwecho inalandira mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice.

Mukaimaliza, mufunefunenso ina yake yoyambirira, La Noire de…, ya mu 1966, imene pa Chingerezi amaitcha Black Girl. Ndi yaifupi, pafupifupi ola limodzi, ya zithunzi zakuda ndi zoyera. Imeneyi musaonere ndi ana. Mtsikana wotchedwa Diouana akulera ana a banja la Azungu ku Dakar, ndipo akusangalala atamuitana kuti awatsatire ku Antibes, kum'mwera kwa France. Akufika atavala bwino, ndi nsapato zazitali, akuyembekeza kuona mashopu ndi mizinda. Chimene akupeza ndi khitchini, bafa ndi chipinda chochezera. Salankhula pafupifupi filimu yonse, timangomva maganizo ake. Kalata ikabwera yochokera kwa mayi ake yodandaula kuti sakutumiza ndalama, bwana ndi amene akumuwerengera, ndipo bwana yemweyo akutenga cholembera n'kuyamba kuyankha m'dzina lake, kulemba kuti ali bwino. Malo amenewo anandipweteka kuposa imfa yake imene ikubwera pambuyo pake. Mbissine Thérèse Diop, amene anasewera Diouana, sanali katswiri wa zisudzo, koma nkhope yake yokha imanyamula filimu yonse. Ndikudziwa kuti muli ndi alongo athu ambiri kumeneko amene akugwira ntchito za m'nyumba ku Randburg ndi ku Sandton, ena mabwana awo ndi abwino, ena ayi, ndipo mwina inu mudzaona m'filimuyi zinthu zimene ine sindingazione ndili kuno.

Yachitatu ndingoitchula mwachidule chifukwa ndi ya mtundu wina. Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty, ya mu 1973, ndi ya Mory ndi Anta, achinyamata awiri olota za Paris, oyenda pa njinga yamoto yomangidwa nyanga za ng'ombe kutsogolo. Nkhani yake imadumphadumpha ndipo muli zithunzi za kophera ng'ombe zovuta kuziyang'ana, moti ena amaisiya panjira. Pirirani mpaka padoko, pomwe mmodzi akukwera sitima ndipo mnzake akubwerera akuthamanga. Inu ndi ine tinayamba takambiranapo usiku wonse za kupita ndi kutsala, ndiye sindikufunika kukufotokozerani zambiri.

Mafilimu atatu onsewa anakonzedwanso kuti zithunzi ziwale ngati zatsopano. Touki Bouki anaikonza mu 2008 ndi La Noire de… mu 2015, mothandizidwa ndi bungwe limene Martin Scorsese, wokonza mafilimu wa ku America, anayambitsa lopulumutsa mafilimu akale a m'mayiko osiyanasiyana. Mandabi nayo inatulukanso yokonzedwa bwino, ndipo kampani ya Criterion inaitulutsa mu 2021. Kumeneko simuvutika kuwapeza pa intaneti okhala ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'nyumba zoonetsera mafilimu za ku Chinamwali ndi ku Ndirande anyamata amamasulira m'Chichewa mafilimu a nkhondo ndi a karate tsiku ndi tsiku, anthu n'kumadzaza mabenchi, koma Mandabi, imene inajambulidwira anthu ngati omwewo, sindinaipezepo m'menemo. Itamasuliridwa bwino, mayi aliyense amene anadikirapo ndalama ya mwana wake wa kunja angaimve kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo ndikhulupirira kuti potuluka anthu angakangane za amene analakwa kwambiri pakati pa Mbaye, makalaliki, anansi ndi Dieng mwini wake. Ine ndikuti Mbaye, chifukwa sukulu yake anaigwiritsa ntchito pobera munthu amene anamudalira. Mnzathu wina amene ndinaonera naye akuti Dieng, chifukwa chokonda kutamandidwa. Sitinagwirizane mpaka lero.

Muitane anyamata a kwathu amene mumakhala nawo pafupi, muonere limodzi Loweruka lina, kenako mundilembere zomwe anena. Ndikufunanso mundiuze zoona za mmene ntchito ikuyendera, osati zija mumatiuza pa foni kuti zonse zili bwino. Ngati miyezi ina zavuta, nenani, tidzawafotokozera akunyumba kuti adikire.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Akunyumba kwanga nawonso akuti moni wambiri.

Ndine mnzanu wa ku Zomba.