Kanema wa nkhukundembo uja mumuchotse, tianapiye tikulira m'menemo

A Mkonzi,

Ndalemba kalatayi mtima ukuwawa ndipo sindibisa. Nkhani ndi ya kanema uja munaika pa peji yanu ya Facebook sabata yatha, wa m'bale wathu wa kuno ku Indiana, m'dziko la America, atagwira nkhukundembo yakutchire m'miyendo mutu uli lendelende, inu nkumuyamikira kuti Mmalawi sagona ndi njala kulikonse komwe ali. Ma comment mbwee, ena akuti atumizeko nthuli, ena akuti ameneyo ndiye mwamuna. Ine ndamuonera kanemayo kanayi ndipo ulendo uliwonse ndimazimitsa foni manja akunjenjemera.

Kodi musanaike munamuonetsetsa? Mbalame ija ndi thadzi. Mutu wake ndi wotuwa, ilibe zofiira zija zolendewera pakhosi, ndevu za pachifuwa zomwe tambala wake amakhala nazo palibe. Ndiye mukweze mawu chakumapeto kuja, mumva tianapiye tikulira kuseri kwa mpanda, kamera ikagwedezeka tikuoneka titatu kapena tinayi tikuthamanga mu udzu balalabalala kusowa kolowera, pamene mkuluyo akuseka nkumaloza chimanga chomwe anawaza pansi kuti mbalameyo ibwere pafupi. Mu June zimenezi a Mkonzi. Thadzi lolera ana, mu June, pa nyambo ya chimanga, inu nkuikapo ka emoji koseka.

Amene tikukhala kuno tikudziwa, kapena tikuyenera kudziwa, kuti sizoni yosaka nkhukundembo ya nthawi yophukira mitengo imatsegulidwa kumapeto kwa April nkutsekedwa chapakati pa May, masabata atatu osakwana. Umagula laisensi ndi sitampa yake, umaloledwa mbalame imodzi basi, yaimuna kapena yokhala ndi ndevu, ukapha umakalembetsa ku DNR, nthambi ya boma yoona za chilengedwe, pasanathe maola 48, ndipo kutchera ndi chimanga nkoletsedwa. Malamulowa sanangowalota ayi. Tambala mmodzi amakwera mathadzi angapo, ndiye ukachotsapo mmodzi mtundu sutha. Koma thadzi limaikira pansi penipeni mu udzu, mazira 10 kapena 12, dzira limodzi patsiku, kenako nkufungatira masiku 28 uku zilombo ngati ma raccoon, nkhandwe ndi ma coyote zikununkhiza usiku wonse, zisa zambiri sizifika nkoswa komwe. Ija ya mu kanema inali itapirira zonsezo, yaswa. Anapiye ake kwa masabata awiri oyamba satha kuuluka kukwera mumtengo, amagona pansi m'mapiko mwa make, mvula yozizira ikawapeza okha amafa usiku womwewo. Ndiye tija tinkalira tija musadzinamize kuti tinakula. Sanaphe mbalame imodzi mkulu uja, anapha banja lonse chifukwa cha mphika umodzi wa ndiwo.

Chomwe chandipweteka kwambiri ndi ena mu ma comment omwe akuti mbalamezi zangoti mbwee ku America, zimayenda m'misewu ngati nkhuku za kumudzi, zimajompha ndi magalimoto omwe, ndiye imodzi yavuta pati. Abale anga, kuchulukako mukuyesa kunagwa kumwamba ngati mvula? Kuno ku Indiana komwe mkuluyo akudyera mbalameyi, pofika cha m'ma 1900 nkhukundembo yakutchire inali itatheratu psiti, nkhalango atagwetsa, aliyense akuombera mmene wafunira chaka chonse. Dziko lonse la America cha m'ma 1930 zinatsala zochepa zedi, chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi 30,000. Anayesa kuweta m'makola nkukazitaya kutchire, zonse zinkangodyedwa chifukwa yoleredwa m'khola sidziwa kuthawa. Mpaka m'ma 1950 pomwe anapeza nzeru ya ukonde woponya ndi mizinga, kugwira zakutchire zenizeni kumene zatsalako nkuzinyamula m'mabokosi kukazimasula kumene zinatha. Indiana yokha kuyambira 1956 mpaka 2004 anamasula mbalame 2,795 m'malo 185. Zaka pafupifupi 50 anthu akugona mu chisanu kudikira ukonde kuti mkulu wathuyu adzapeze thadzi kuseri kwa nyumba yake.

Ndalama yake inachokanso m'matumba mwa alenje eni ake. Lamulo la Pittman-Robertson la 1937 linaika msonkho pa mfuti zosakira ndi zipolopolo, lero ndi 11 peresenti, ndipo ndalamayo imapita ku ntchito yosamala nyama zakutchire m'ma state. Bungwe la National Wild Turkey Federation pomwe limayamba mu 1973 mbalamezi zinali cha m'ma 1.3 miliyoni, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinayandikira 7 miliyoni. Koma pano zayambanso kutsika m'madera ambiri, nchifukwa chake ma state a Georgia ndi Tennessee anachepetsa nambala yomwe mlenje amaloledwa kupha, Kansas mpaka anaimitsa sizoni ya kumapeto kwa chaka mu 2023. Eni dziko akudzimana, ife obwera dzulo nkumaombera mathadzi.

Ine ndimagwira ntchito ya usiku ndi bambo wina wachikulire wa konkuno, mlenje kuyambira ali mnyamata. Sizoni ikafika amatenga ofu, amadzuka 4 koloko mbandakucha, amakakhala tsonga patsinde pa mtengo osagwedezeka ngakhale udzudzu umulume, ali ndi kabokosi kake kathabwa komwe amakhwekhwereza kuti kalire ngati thadzi. Chaka chatha anabwerako chimanjamanja, chaka chino chimodzimodzi. Anandionetsa pa foni thadzi lomwe linadutsa pafupi ndi nsapato zake, mfuti ili pamiyendo, iye anangolijambula basi. Tsopano munthu ngati ameneyu akadzaona kanema wathu uja ndi mbendera ya Malawi ili pa galasi la galimoto kumbuyoko, ndidzamuuza chani? Kwa eni kulibe mkuwe. Komanso m'bale wathuyo mwamuika pa mpeni ndinu nomwe, nkhope ili poyera, nyumba ikuoneka, ma ofisa a DNR nawonso Facebook ali nayo. Akamupeza ndi nkhani ya kukhoti, faindi, mwina kulandidwa mfuti, ndipo mlandu ukalowa pa rekodi aliyense amene akukonza mapepala kuno akudziwa mmene zimavutira.

Koma ndikaganiza bwino sindikudabwa kuti anthu akuombera m'manja, khalidweli tinachoka nalo kumudzi. Kwathu ku Ntchisi ndili mwana nkhanga zinkatisowetsa mtendere m'munda wa mtedza, madzulo zikulira kudambo gulu lonse, nkhwali nazo m'mawa uliwonse. Ndinapita chaka chathachi, mwezi wathunthu sindinamve nkhanga yakutchire ngakhale imodzi, kuli zii. Tinazimaliza tokha. Munthu akapeza chisa amakokolola mazira onse kukaikira nkhuku osasiyako ndi limodzi lomwe, misampha chaka chonse, ena mpaka chimanga choviika mu tameki, ikafika August tchire lonse moto chifukwa cha mbewa, mitengo yomwe zinkagonamo inapita ku makala. Akuluakulu ankati nkhanga zinapangana kusanapse, ife kunapsa kalekale sitinapanganebe. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017 ndipo ndi zoona anthu akumangidwa zaka zambiri chifukwa cha minyanga ya njovu ndi ngaka, zimenezo nzabwino, koma ndani anafunsapo za nkhanga? Ndi mfumu iti inaitanapo msonkhano nkunena kuti miyezi yoikira mazira msampha usaoneke kudambo? A Dipatimenti yoona za nyama zakutchire, a mawailesi, inu a nyuzi, nonse mumadikira njovu ife kaye ndiye mulembe.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndalemba mothamanga ndikupita ku shifiti. Kanemayo mumuchotse lero, ndipo pamalo pake mulembepo kuti munalakwitsa, osangofufuta mwakachetechete ngati sizinachitike. Atsogoleri a magulu a Amalawi kuno, pa chikondwerero cha 6 July tikakumana kudya nsima, itanani ofisa mmodzi wa DNR adzatifotokozere malamulo a kusaka ndi kuwedza komwe, chifukwa za nsomba nazo ndikumva zambiri. Amene akufunadi kusaka akachite kosi ya alenje, agule laisensi, adikire sizoni itsegulidwe ngati anzake onse. Amene akungofuna ndiwo, nkhukundembo yoweta yadzadza mu ma firiji a m'mashopu, ndipo mu November imatsika mtengo.

Ine wokhudzidwa,
South Bend, Indiana